Mutu 12: Jane, Bertha ndi Tess pa Bwalo la Ana a Sukulu

Mfumukazi Victoria adakhala pa mpando wachifumu wa Britain kuyambira m'chaka cha 1837 kufikira m'chaka cha 1901, ndipo ngakhale kuti nduna, akazembe ndi eni chuma a m'masiku amenewo adatsikira kale kulichete, maina awo nangotsalira m'mabuku a mbiri yakale, alipo akazi ena a nthawi yomweyo amene sadabadwe mwa mayi aliyense, koma adatuluka m'mitima ya alembi, ndipo iwowa akali moyo kufikira lero m'zipinda zophunziriramo, kumene anyamata ndi atsikana amawazenga milandu chaka ndi chaka. Ku England, chiyambire pamene maphunziro adakonzedwanso m'chaka cha 2015, aliyense wolemba mayeso a GCSE a zolembedwa za Chingerezi amayenera kuwerenga nthano yaitali imodzi ya m'zaka za m'ma 1800. Pa mabuku amene masukulu amasankhapo pali Jane Eyre la Charlotte Brontë ndi Great Expectations la Charles Dickens, ndipo amene apitirira ku makalasi apamwamba amakumananso kawirikawiri ndi Tess of the d'Urbervilles la Thomas Hardy. Mabuku omwewa adaoloka nyanja kalekale, nalowa m'masukulu a maiko ambiri kumene Chingerezi chimaphunzitsidwa, kotero kuti nkhani ya kaphunzitsidwe kake si ya Angerezi okha.

Mwana wa zaka 15 akamva za masautso a mkazi wa m'mabuku amenewa, funso loyamba kutuluka m'kamwa mwake limakhala lakuti, “Nanga bwanji sadangochokapo?” Mnzake, amene wamvapo kale za jenda, amathamangira mbali ina: amamuveka mkaziyo chisoti cha ungwazi, namuika m'kamwa mawu a masiku ano amene iyeyo sakadawadziwa n'komwe. Onse awiri afulumira kugamula, pamene akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa bwalo la mfumu, odziwa kuweruza sagamula mlandu atangomva chimene munthu wachita. Amayamba afunsa kuti munthuyo ngwa mbumba ya yani, adakwatiwa mwa mwambo uti, munda umene amalima ngwa yani, ndipo akadafuna kuchita mwina akadalowera kuti. Kalasi iyenera kutengera khalidwe lomwelo. Zinthu ziwiri zimene zinkatsegula kapena kutseka makomo a mkazi wa ku England m'masiku amenewo ndizo lamulo ndi ndalama, ndipo ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti mphunzitsi amene afunsa ophunzira ake ngati Jane adachita bwino asanawaonetse ziwirizi, akuwazoloweretsa kuweruza mosalungama, chizolowezi chimene sichidzathera pa anthu a m'mabuku okha.

Lamulo la Angerezi, monga adalilongosolera katswiri wa zamalamulo William Blackstone m'chaka cha 1765, ndi monga lidakhalirabe kufikira mkati mwa ufumu wa Victoria, lidatenga chiphunzitso cha m'Malembo chonena za thupi limodzi n'kuchisandutsa goli la pa khosi la munthu mmodzi. Mkazi akangotuluka m'tchalitchi atavala mphete, ndalama zake, katundu wake, ndi malipiro onse amene akadadzalandira ndi thukuta lake, zinkasanduka za mwamuna wake. Ngati adali ndi malo, malowo ankatchedwabe ake, koma phindu lake ankadya ndi mwamunayo. Sankatha kuchita pangano la malonda m'dzina lake kapena kusuma mlandu payekha, ndipo ana amene adawabala ndi zowawa adali a atate awo. Mabanja olemera adali ndi njira yotchinjirizira chuma cha mwana wawo wamkazi, polemba chikalata ukwati usanachitike n'kuika chumacho m'manja mwa anthu okhulupirika. Koma maloya amafuna ndalama, ndipo mkazi wochapa zovala kapena wosoka sakadafikako. Mbeta ndi mkazi wamasiye okha ndiwo adali eni ake a zinthu zawo. Nyumba ya Malamulo idayamba kumasula goli limeneli m'chaka cha 1870, pamene idalola mkazi wokwatiwa kusunga malipiro ake, ndipo m'chaka cha 1882 idamlola kukhala ndi chuma chakechake monga mbeta.

Kuti ophunzira asayese kuti zimenezi zidangothera pa pepala, nkwabwino kuwasimbira mbiri ya Caroline Norton, mayi wodziwika polemba ndakatulo ndi nthano, amene mwamuna wake George Norton adasumira nduna yaikulu Lord Melbourne m'chaka cha 1836, kuti ikuyenda ndi mkazi wake. Bwalo lidaukana mlanduwo, koma Caroline sadaloledwe kuyankhulapo kanthu chinkana dzina lodetsedwa lidali lake. Mwamunayo adamlanda ana ake aamuna atatu, ndipo ndalama za mabuku amene mayiyo ankalemba, lamulo linkati n'za mwamuna yemweyo. Kulira kwake, kumene adakulemba m'timabuku n'kukufalitsa pakati pa aphungu, ndiko kudabala lamulo la 1839, lolola mayi wopanda mlandu wa chigololo kupempha bwalo kuti asunge ana ake osafika zaka 7. Nayo nkhani ya chisudzulo idali yotere: chisanafike chaka cha 1857, wofuna kuthetsa ukwati kuti akwatirenso ankayenera kupempha Nyumba ya Malamulo kuti impangire lamulo lakelake, njira yodya ndalama zankhaninkhani, ndipo akazi amene adapambana pa njira imeneyo adali 4 okha. Lamulo la 1857 lidatsegula bwalo loweruza zisudzulo, koma lidaika miyeso iwiri m'thumba limodzi, pakuti mwamuna ankangosonyeza kuti mkazi wake wachita chigololo, pamene mkazi ankayenera kusonyeza chigololo n'kuwonjezapo nkhanza, kapena kuthawidwa, kapena tchimo lina lalikulu. Ndipo miyesoyo sidalingane kufikira 1923. Wophunzira amene wamva zonsezi, akatsegula The Tenant of Wildfell Hall la Anne Brontë, la m'chaka cha 1848, n'kuona Helen akuthawa mwamuna wake chidakwa, mwana ali m'manja, nakabisala ku nyumba yakale n'kumadzidyetsa pogulitsa zithunzi zojambula yekha, safunsanso kuti bwanji sadachoke msanga, chifukwa wazindikira kuti pamaso pa lamulo mwanayo ndi ndalama za zithunzizo zidali za mwamuna amene akumuthawayo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zosadabwitsa kuti ambiri mwa amene adalemba zowawa zimenezi adali akazi. Komatu adalemba nkhope zawo zitaphimbika. Charlotte Brontë ali namwali wa zaka 20 adatumiza ndakatulo zake kwa Robert Southey, mlakatuli wa ku nyumba yachifumu, ndipo yankho limene adalandira m'chaka cha 1837 lidamlangiza kuti kulemba mabuku sikuyenera kukhala ntchito ya moyo wa mkazi. Motero pamene iye ndi abale ake Emily ndi Anne, ana a m'busa wa ku Haworth m'chigawo cha Yorkshire, adayamba kusindikiza, adadzitcha Currer, Ellis ndi Acton Bell. Ndipo Mary Ann Evans, mlembi wa The Mill on the Floss ndi Middlemarch, dziko likumudziwabe ndi dzina lachimuna la George Eliot. Chifaniziro cha mkazi wabwino chimene anthu apakati ndi olemera ankachitamanda chidali cha mngelo wa m'nyumba, wofatsa, wodzikana, wopanda chifuniro chakechake, monga adachiimbira Coventry Patmore m'ndakatulo yake The Angel in the House, imene idayamba kutuluka m'chaka cha 1854. Ndipo padali mlonda winanso pa khomo. Nthano yaitali yatsopano inkatuluka m'mabuku atatu pa mtengo wa mashilingi 31 ndi mapeni 6, ndalama yoposa malipiro a sabata a antchito ambiri, kotero kuti owerenga ankabwereka mabuku ku malaibulale olipira, makamaka ya Charles Mudie. Ndipo buku limene Mudie adaliona kuti silingawerengedwe pamaso pa ana aakazi a m'banja, ankalikana, mlembi n'kugona ndi njala. Chifukwa chake pofunsa chimene mlembi adanena, ophunzira azifunsanso chimene sakadaloledwa kunena.

Buku la Jane Eyre, limene lidatuluka mu Okutobala 1847, lingathe kuphunzitsidwa lonse mwa njira imodzi yosavuta. Mphunzitsi apatule mbali imodzi ya bolodi, ndipo paliponse pamene bukulo latchula ndalama, ophunzira alembepo kuchuluka kwake, mwini wake, ndi chimene ndalamayo yagula. Posakhalitsa adzaona kuti nthano imene ankaiyesa ya chikondi chokhachokha njodzala ndi masamu. Pa masamba oyambirira penipeni, Jane, mwana wamasiye wa zaka 10 woleredwa ndi mkazi wa malemu amalume ake, akugendedwa buku ndi msuweni wake John Reed, amene akumkumbutsa kuti atate ake sadamsiyire kanthu, ndi kuti nyumba yonseyo idzakhala yake ya iye John. Mnyamatayo ngwa zaka 14, ndipo samposa Jane pa nzeru kapena pa khalidwe. Chimene ali nacho n'chakuti adabadwa mwamuna, ndipo cholowa chikumdikira. Ku Lowood, sukulu ya atsikana amasiye, m'busa Brocklehurst akulamula kuti tsitsi la ana limetedwe kuti aphunzire kudzichepetsa, ndipo asanamalize kuyankhula, mkazi wake ndi ana ake aakazi akulowa atavala silika ndi ubweya wa mtengo wapatali, tsitsi lawo litapotedwa bwinobwino. Mphunzitsi safunika kulalikira pamenepa. Awerenge ndimeyo mokweza, ndipo ana adzaona okha kuti kudzichepetsa kumene kunkalamulidwa kwa akazi kudali ndi muyeso wina kwa osauka ndi wina kwa olemera. Awauzenso kuti Charlotte sadangopeka zonsezi, pakuti akulu ake awiri, Maria ndi Elizabeth, adamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1825 atadwalira ku sukulu ya ana aakazi a abusa ya ku Cowan Bridge.

Atakhala ku Lowood zaka 8, zisanu ndi chimodzi monga wophunzira ndi ziwiri monga mphunzitsi wolandira mapaundi 15 pa chaka, Jane akudzilengeza yekha m'nyuzipepala, napeza ntchito yophunzitsa mwana m'nyumba ya Rochester ku Thornfield pa mapaundi 30. Kalembera wa 1851 adapeza akazi oposa 20,000 ogwira ntchito yotereyi, ndipo pa ntchito zochepa zimene namwali wophunzira koma wosauka akadagwira osataya ulemu wake, imeneyi ndiyo idali yodziwika. Komabe idali ntchito ya kusungulumwa, chifukwa mwini wake sadali mdzakazi woti n'kuseka ndi adzakazi anzake kukhitchini, ndiponso sadali wa m'banjamo. Tsono pamene Rochester wamfunsira ukwati, namtengera ku sitolo kukamgulira nsalu za silika ndi miyala ya mtengo wapatali, Jane mmalo mosangalala akumva manyazi ndi kuchepetsedwa. Ophunzira ambiri amakhumudwa naye pamenepa, namuyesa wosayamika. Koma ayang'ane pa bolodi paja: namwali wa mapaundi 30 akuvekedwa ndi munthu amene chuma chake sichiwerengeka, ndipo akudziwa kuti ukwati ukangochitika sadzakhala ndi kanthu kalikonse kamene sadapatsidwe ndi dzanja lomwelo. Ndicho chifukwa chake akulembera kalata mbale wa atate ake wa ku Madeira, poyembekeza kuti mwina tsiku lina adzakhala nako kakekake. Ndipo kalata imeneyo ndiyo ikufika m'makutu a Richard Mason, nibweretsa loya m'tchalitchi pa tsiku la ukwati kudzaulula kuti Rochester ali naye kale mkazi wamoyo, mlongo wake wa Mason yemweyo. Kufuna kwake kuima payekha ndiko kudampulumutsa ku ukwati wabodza, ndipo mlembi adaluka zimenezi mwadala.

Ndime imene iyenera kupatsidwa nthawi yokwanira ndi ya kuchoka kwa Jane. Rochester akumdandaulira kuti apite naye kum'mwera kwa France, kumene palibe amene angawadziwe, ndipo ana a masiku ano amafunsa kuti, popeza awiriwa akukondana ndipo Jane alibe mbale woti n'kumchititsa manyazi, cholakwika n'chiyani. Yankho lili pawiri, ndipo mphunzitsi asatayeko mbali imodzi. Mbali yoyamba njakuti Rochester wangomsimbira kumene za akazi atatu amene adakhala nawo kunja kwa ukwati, ndi mmene amanyansidwira akawakumbuka, ndipo Jane wazindikira kuti iye akadzakhala wachinayi, wopanda lamulo lililonse lomtchinjiriza tsiku limene chikondi chikadzazirala. Mbali yachiwiri njakuti Jane amaopa Mulungu, ndipo akuti malamulo a Mulungu adaikidwira nthawi ya mayesero ngati imeneyi. Owerenga ena a masiku ano amafuna kumvula Jane chikhulupiriro chake kuti afanane nawo, koma kuteroko n'kumnamizira. Jane yemweyo amene akukana Rochester chifukwa cha Mulungu, adzakananso m'busa St John Rivers, amene akumuuza kuti Mulungu akufuna kuti akwatiwe naye n'kupita ku India, pakuti sakulola mwamuna aliyense kuima pakati pa iye ndi Mlengi wake. Akuchoka ku Thornfield mbandakucha ndi mashilingi 20, onse nathera pa ngolo, ndipo patangopita masiku owerengeka akupempha phala lozizira limene mtsikana wina ankati atayire nkhumba, ngati mwana wolowerera uja, kungoti iyeyu sadamwaze chuma cha munthu. Mtengo wa kuchoka udali umenewo. Ndipo amene akuyesa kuti bukuli lidali lofatsa m'masiku ake, amve kuti Elizabeth Rigby, polemba m'magazini ya Quarterly Review mu Disembala 1848, adalitsutsa kuti ndi lodana ndi Chikhristu, ndi kuti mzimu wake ndi womwewo umene unkautsa zipolowe pakati pa anthu wamba.

Komatu m'nyumba ya Thornfield muli mkazi wina, ndipo phunziro limene lamuiwala iyeyo latsimphina. Bertha Mason adachokera ku Spanish Town, ku Jamaica, ndipo adabwera m'ukwati ndi mapaundi 30,000, pakuti pakati pa Angerezi olemera chuma chinkachokera kwa makolo a mkazi kupita kwa mwamuna. Ophunzira alembe nambala imeneyo pafupi ndi mapaundi 30 a Jane, ndipo afunsidwe kuti ndalamazo zili kuti tsopano: zili m'manja mwa Rochester, ndipo mwini wake watsekeredwa zaka 10 m'chipinda chopanda zenera pamwamba pa nyumba, akuyang'aniridwa ndi Grace Poole. Chuma cha alimi a ku Jamaica m'masiku amenewo chinkachokera m'minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo a ku Africa, amene Nyumba ya Malamulo idalamula kuti amasulidwe m'chaka cha 1833, ndipo mphunzitsi sayenera kuchita manyazi kutchula zimenezi. M'buku lonse sitimumva Bertha akuyankhula yekha. Timamva kuseka kwake, timaona akukwawa ngati chilombo, ndipo mbiri yake yonse, ya misala ya ku mtundu wake ndi ya makhalidwe ake oipa, tikuimva kwa Rochester, munthu amene ali ndi chifukwa chachikulu chodziyeretsera. N'zoona kuti naye adali womangika, popeza misala sidali chifukwa chothetsera ukwati ku England kufikira 1937; koma mboni imodzi siikwanira kutsutsa munthu. Jean Rhys, mayi wobadwira pa chilumba cha Dominica, adavutika mtima ndi chete ameneyu kotero kuti m'chaka cha 1966 adatulutsa Wide Sargasso Sea, buku limene likusimba moyo wa mkazi yemweyo kuyambira ubwana wake, namutcha Antoinette. Sindikuti Charlotte Brontë aikidwe pa mlandu. Ndikuti ana aone kuti ngakhale mlembi amene adamva bwino kulira kwa mkazi mmodzi adali ndi mkazi wina amene sadamumve.

Za Dickens sindichulutsa mawu, chifukwa ngakhale adali mlembi wamkulu, akazi ake kawirikawiri amakhala angelo kapena zoopsa, ndipo apakati ngochepa. Miss Havisham wa mu Great Expectations, buku la 1860 mpaka 1861, amene adaimitsa mawotchi onse pa mphindi imene adalandira kalata yomkana pa tsiku la ukwati wake, ana amamkumbuka chifukwa cha diresi lake lachikasu ndi keke yowola. Koma chofunika kuwaonetsa n'chakuti mphamvu zake zonse, zolerera mtsikana Estella ndi zozunzira mnyamata Pip, ali nazo chifukwa ukwatiwo udalephereka, ndipo chuma cha atate ake chidakhalabe m'manja mwake. Ndiponso asaiwalike akazi amene m'mabukuwa amangodutsa atanyamula makala ndi madzi otentha. Pofika 1891 adzakazi a m'nyumba ku England ndi Wales adali oposa 1 miliyoni, ndipo kufikira 1842 akazi ndi atsikana ankakoka ngolo za malasha pansi pa nthaka. Mngelo wa m'nyumba ankakhala ndi manja osalala chifukwa mkazi wina ankamkolopera.

Buku lolemera koposa kuliphunzitsa ndi la Tess, la m'chaka cha 1891. Tess ndi mwana wa munthu wosauka woyendayenda ndi timalonda. Kavalo amene banja linkadalira atafa pa ngozi iye akuyendetsa ngolo usiku, makolo ake akumtumiza kukadziwika kwa anthu olemera amene akuwayesa achibale, ndipo kumeneko Alec, mwana wa m'nyumbamo, akumgwira ali m'tulo m'nkhalango. Akubala mwana amene sakhalitsa, nam'batiza yekha usiku pakati pa abale ake aang'ono, ndipo m'busa akukana kumuika m'manda mwa mwambo wa mpingo. Pambuyo pake akukwatiwa ndi Angel Clare, mwana wa m'busa, munthu wophunzira wodziyesa womasuka maganizo. Ndipo usiku wa ukwati wawo Angel akuulula kuti adachimwapo ndi mkazi wina ku London mwa kufuna kwake, Tess namkhululukira pomwepo, koma Tess ataulula zimene zidamgwera popanda kufuna kwake, Angel akumsiya napita ku Brazil. Palibe ndime ina m'mabuku a nthawi imeneyo yoonetsa poyera miyeso iwiri ija ngati imeneyi, ndipo wodziwa Malembo adzakumbuka mkazi uja adamkokera pakati pa khamu ali yekha, mwamuna amene adachimwa naye osaoneka. Atate a Tess atamwalira, banja likutulutsidwa m'nyumba chifukwa pangano la lendi lidathera pa moyo wawo, ndipo Tess akubwerera kwa Alec kuti amake ndi abale ake apeze pogona. Mapeto ake akumupha Alec, agwidwa pa miyala ya Stonehenge, nanyongedwa. Hardy, amene ali mnyamata wa zaka 16 adaonerera mkazi akunyongedwa ku Dorchester m'chaka cha 1856, adalemba pansi pa mutu wa bukulo kuti ameneyu ndi mkazi woyera, ndipo ambiri adakwiya nazo. Magazini awiri adalikana, ndipo Graphic, imene idalisindikiza pang'onopang'ono, idalandira nthanoyo atachotsamo ubatizo uja, ndi Angel akuolotsa atsikana pa madzi ndi wilibala kuti asawanyamule m'manja.

Pophunzitsa bukuli pafunika mtima wa kholo. M'kalasi iliyonse mungathe kukhala mwana amene zimene zidamgwera Tess zidamgweranso, iye kapena mbale wake, ndipo sadauzepo munthu. Mphunzitsi achenjezeretu za ndime zowawa, asalole nthabwala, asaloze mwana aliyense kuti ayankhe, ndipo asasandutse funso lakuti Tess adavomera kapena ayi kukhala mtsutso wa magulu awiri ofuna kupambana. Koma asalizembe bukuli. Tess mwini wake, atabwerera kwawo, akudandaulira amake kuti bwanji sadamchenjeze za amuna, nati ana aakazi a olemera amadziwa zodzitetezera chifukwa amawerenga nthano zosimba machenjera otere, pamene iye sadapeze mwayi umenewo. Hardy adaika m'kamwa mwa mtsikanayo chifukwa chenicheni chimene mabukuwa ayenera kuwerengedwera m'sukulu.

Anyamata nawo asakhale ngati oimbidwa mlandu m'phunziro limeneli, pakuti mnyamata amene wamva kuti akutsutsidwa chifukwa cha machimo a Alec amatseka makutu, ndipo amene wataya ndi mphunzitsi. Aonetsedwe kuti dongosolo lomwelo lidapinda amuna. Rochester adali mwana wachiwiri, ndipo atate ake, posafuna kugawa malo awo pakati, adasiyira zonse mkulu wake, iyeyo namtumiza ku Jamaica kukakwatira chuma ali mnyamata wosadziwa kanthu. Pip adaphunzira kuchita manyazi ndi Joe, wosula zitsulo amene adamlera mwachikondi, chifukwa adauzidwa kuti mwamuna waulemu sagwira ntchito ya manja. Ndiponso adalipo amuna amene adaima ndi akazi: John Stuart Mill adapereka ku Nyumba ya Malamulo pempho la akazi lofuna kuponya voti m'chaka cha 1866, nasindikiza The Subjection of Women m'chaka cha 1869, chaka chomwe idakhazikitsidwa koleji ya akazi imene idadzatchedwa Girton.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi chingwe chake. Amishoni amene adakhazikitsa Livingstonia m'chaka cha 1875 ndi Blantyre m'chaka cha 1876 adali ana a nthawi yomweyi, ndipo dziko lathu lidalowa m'manja mwa Britain m'chaka chomwe buku la Tess lidatuluka. Pamodzi ndi Uthenga Wabwino ndi sukulu adabweretsanso maganizo a kwawo a mmene nyumba ya Mkhristu iyenera kukhalira, mwamuna ku ntchito ndi mkazi pa singano ndi simbi. Mwana wa Mchewa, amene adakulira kumene mkamwini amamanga nyumba kwawo kwa mkazi, munda n'kuyenda m'mbumba, ana n'kukhala a kuchikazi, adzaona lamulo la Blackstone ngati chinthu chachilendo ndithu. Ndipo mnzake wa kumene amalowola adzaliona mwa njira ina. Sindikunena kuti kwathu kudalibe goli, popeza mawu otsiriza ankakhala a malume ndi ankhoswe, amenenso ndi amuna. Koma mwana amene waona miyambo iwiri kapena itatu ili pafupi, sangavomerenso msanga munthu womuuza kuti malo a mkazi adaikidwa amodzimodzi pa dziko lonse chiyambire chilengedwe.

Mtsutso wotsiriza, umene ophunzira amaukonda koposa, ngwa mathero a Jane Eyre. Mbale wa atate ake uja wa ku Madeira akumwalira namsiyira mapaundi 20,000. Jane akuwagawa pakati pa iye ndi asuweni ake atatu, natsala ndi 5,000, ndipo pokhapo ndi pamene akubwerera kwa Rochester, n'kumpeza Bertha atafa pa moto umene udapsereza Thornfield, Rochester ali wakhungu ndi wa dzanja limodzi. Ena adzati tsopano awiriwa alingana, ndipo Jane walowa m'ukwati mwa kusankha kwake, ali mwini chuma. Ena adzafunsa chifukwa chake mlembi sadathe kuwalinganiza popanda kupha mkazi mmodzi ndi kulumaza mwamuna. Wina woyang'ana pa bolodi adzakumbutsa anzake kuti pa tsiku la ukwati mapaundi 5,000 aja akusanduka a Rochester, pokhapokha patalembedwa chikalata chimene bukulo silikutchula. Mphunzitsi asathamangire kutseka mtsutsowu, koma angathe kuwonjezapo mbiri ya mlembi mwini wake. Charlotte Brontë adakwatiwa mu Juni 1854 ndi Arthur Bell Nicholls, m'busa wothandizira atate ake, ndipo ukwati usanachitike adasaina chikalata choika ndalama za mabuku ake kutali ndi dzanja la mwamuna wake, kuti akafa wopanda mwana zipite kwa atate ake. Mu Febuluwale 1855, ali chigonere pa bedi, adalemba wilo yosiyira zonse mwamuna yemweyo. Adamwalira pa 31 Malichi 1855 ali ndi zaka 38, kutatsala zaka 27 kuti lamulo la 1882 lifike.